Mmene Mungaonerere Sewero la Misozi Popanda Kunyengedwa Nalo

Madzulo aliwonse magetsi akakhalapo, m'nyumba zambiri za ku Kawale, ku Area 25 kapena kwa Chinsapo mumzinda muno wa Lilongwe mumamveka kulira kwa munthu amene sakhala m'nyumbamo. Ndi mtsikana wa m'filimu ya ku Nigeria amene mayi womupeza akumumana chakudya, kapena mtengwa wa m'sewero la ku India amene apongozi ake amunamizira kuba, kapenanso mayi wamasiye wa m'sewero lathu lomwe la pawailesi amene abale a malemu amulanda nyumba maliro asanathe n'komwe. Amene alibe kanema pakhomo amakaonera zomwezo m'tinyumba ta vidiyo ta kwa Mtandire, mmene womasulira amathira Chichewa pamwamba pa mawu a eni ake n'kuwonjezerapo nthabwala zake. Palibe cholakwika ndi kusangalala ndi masewero otere, ndipo inenso ndimawaonera. Chodetsa nkhawa n'chakuti sewero lililonse lotere limatiphunzitsa mwakachetechete mmene munthu wozunzidwa ayenera kuonekera, mmene ayenera kulankhulira, ndi zimene ayenera kuchita kuti timumvere chisoni, tsono kukacha timatenga muyezo womwewo n'kuyezera mnansi wathu, mwana wathu, ngakhalenso ife eni. Malangizowa ndi a kholo, mphunzitsi kapena mtsogoleri wa gulu la achinyamata amene akufuna kuonera zinthuzi ali tcheru, ndi kuthandiza ena kutero.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa chinthu chimene mukuonera. Masewero a misoziwa m'Chingerezi amatchedwa melodrama, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nyimbo, chifukwa pamene masewerowa ankatchuka ku France cha m'ma 1800, oimba ankakhala pafupi ndi nsanja n'kumaimba nyimbo yodziwitsa anthu ngati amene walowayo ali woipa kapena wosalakwa. Ntchito ya nyimboyo sinasinthe mpaka lero. Choncho yesani izi ngakhale kamodzi kokha: mtengambali akayamba kulira, tsitsani mawu a kanema mpaka zii, ndipo muonere mphindi ziwiri kapena zitatu muli chete. Mudzaona kuti kamera yakakamira pankhope nthawi yaitali kuposa mmene munthu waulemu angayang'anire mnzake amene akulira, kuti yabwerera katatu pa msozi umodzi womwewo, ndiponso kuti chisoni chambiri chimene munali nacho chimachokera ku zing'wenyeng'wenye. Kumbukiraninso kuti masewero opitirira tsiku ndi tsiku anayambira pa wailesi za ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo ambiri ankalipiridwa ndi makampani opanga sopo amene ankafuna kuti amayi apakhomo adzatcherenso khutu mawa lake. Sewero lotere silingalole kuti wozunzidwa apeze thandizo msanga, pakuti akalipeza lero ndiye kuti mawa kulibe choonetsa ndipo otsatsa malonda achoka. Kutalika kwa mazunzowo kumayezedwa ndi zofuna za malonda, ndipo mwana amene akuonera nanu ayenera kuuzidwa zimenezi momveka bwino.

Mukatero, yang'anani wozunzidwayo mwachidwi, ndipo dzifunseni kuti wolemba wamuchotsera chiyani munthuyu kuti inu mumukonde. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mu 1986 katswiri wa zaumbanda wa ku Norway, Nils Christie, anafotokoza munthu amene anthu amamuvomereza mosavuta kuti ndi wolakwiridwa: amakhala wofooka, tsokalo limamugwera akuchita ntchito yolemekezeka, pamalo pamene palibe angamudzudzule kuti amafunapo chiyani, ndipo womulakwirayo amakhala wamphamvu, woipa, ndi mlendo kwa iye. Christie sankalemba za mafilimu, koma olemba masewero a misozi amaumba mtengambali wawo motsata chithunzi chimenechi pafupifupi mbali zonse. Mtsikana wathu uja sayankha mwano, sakwiya, samwa, alibe chibwenzi, amapemphera atagwada, ndipo akamenyedwa amangolira n'kupitiriza kukolopa. Wolemba wamuchotsera mkwiyo, wamuchotsera nzeru zodzitetezera, wamuchotsera abwenzi, wamuchotseranso ndi zolakwa zing'onozing'ono zimene munthu aliyense ali nazo.

Zotsatira zake zimaonekera pamene nkhanza zachitika pamalo enieni. Mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka amene mwamuna wake amamumenya, koma iyenso ali ndi pakamwa pakuthwa ndipo tsiku lina anabwezera, safanana ndi mtsikana wa m'filimu, choncho anthu amati nayenso ngovuta. Mtsikana amene wagwiriridwa akuchokera ku malo omwera mowa ku Bwandilo amafunsidwa kaye kuti amafunako chiyani usiku, ndi kuti anavala chiyani. Bambo amene mkazi wake amamuzunza alibe malo n'komwe m'masewero a misozi, chifukwa iye anaikidwa kale m'masewero oseketsa, ndipo n'chifukwa chake ambiri otere amasankha kufa nazo mumtima kusiyana ndi kukasekedwa. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 silifunsa ngati wodandaula ali wofatsa, ndiponso silisankha pakati pa mwamuna ndi mkazi. Amene amafunsa zimenezo ndi ife, ndipo mbali ina tinaziphunzira pa kanema. Njira yodziyesera njapafupi: pamene mukuonera, muganize kuti mtengambaliyo watukwana, kapena wapezeka ndi botolo la mowa m'manja, kenaka muone ngati chisoni chanu chatsala. Chikachepa, dziwani kuti mumamvera chisoni khalidwe lake, pamene chimene chimafunika kudzudzulidwa ndi nkhanza zimene wachitiridwa.

Tembenukirani tsopano kwa wozunzayo, ndipo muwerenge. Tengani masewero asanu amene banja lanu laonera mwezi uno, muone kuti mwa anthu oipa angati ali amuna ndipo angati ali akazi. Mwina mudzadabwa kupeza kuti m'nyumba za m'masewerowa woipa kawirikawiri amakhala mkazi mnzake: mayi womupeza, apongozi aakazi, mlamu wansanje, mkazi wachiwiri. Bambo wa pakhomopo akazunza mkazi wake kapena kutaya ana ake, sewero limamupezera chifukwa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika kwa tonse, chakuti anamudyetsa kondaine. Mankhwala aja akasukuluka amagwada, amalira, amakhululukidwa, ndipo mlandu wonse umatsalira mkazi wina uja. Kukonza nkhani motere kumachotsa udindo pa munthu amene anakweza dzanja. Kumavulazanso amayi ambiri mumzinda muno amene akulera mokhulupirika ana amene anawapeza, amayi amene akangodzudzula mwana pang'ono anansi amayang'anizana ngati kuti filimu ija yayambika.

Woipa wina amene muyenera kumuyang'anitsitsa ndi gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, wa maso ofiira ndi mawu onjenjemera, amene sewero limamuonetsa akutamba usiku. Maso a agogo athu ambiri anafiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi ambiri, koma mwana amene waonera mafilimu otere makumi awiri amaona chizindikiro cha ufiti. M'dziko muno anthu okalamba amenyedwapo, awotcheredwapo nyumba, ndipo ena aphedwa chifukwa chonamiziridwa ufiti, ngakhale kuti lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Apa sewero limasanduliza zinthu: amene pamoyo weniweni ali wozunzidwa, pa kanema ndiye wozunza. Mukaona zotere musadikire kuti filimu ithe. Imitsani, ndipo mufunse ana kuti agogo a m'filimuwo alakwa chiyani chimene maso athu aona, kupatula kukalamba ndi kusauka.

Chinthu china choti muchitsate, chimene anthu ambiri sachiganizira chifukwa pofika pamenepo amakhala akusangalala, ndi njira imene chipulumutso chimadzera. M'sewero la misozi wozunzidwa sadzipulumutsa. Pamabwera mnyamata wolemera wochokera ku London n'kumukwatira, kapena pamapezeka kalata ya chuma imene malemu anaibisa m'sutikesi, kapena abusa amapemphera mpaka woipa uja n'kupenga ndi kuulula zonse pamsika. Mphoto imadza kwa amene anadikira osachita kanthu, ndipo phunziro lake limagwirizana ndi mawu amene atsikana athu amauzidwa kale pa chilangizo, akuti banja ndi kupirira. Kupirira kuli ndi malo ake, koma mayi amene akudikira chozizwitsa pamene nthiti zake zikuthyoka akutsata malangizo amene analembedwa kuti sewero litalike. Ntchito yanu monga woonera wamkulu ndi kutchula makomo amene sewerolo lawasiya dala. Alipo ankhoswe ndi amfumu, amene nthawi zina amathandiza ndipo nthawi zina amangobweza munthu ku moto womwewo. Pa polisi, kaya ku Kawale, ku Lingadzi kapena ku Kanengo, pali ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Khoti lingathe kupereka chiletso chomuteteza wodandaula pansi pa lamulo la 2006 lija. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Bungwe la Legal Aid Bureau limaimira anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo mwana aliyense angathe kuimba kwaulere pa nambala yothandiza ana ya 116. Makomo amenewa sali angwiro, ena amachedwa ndipo ena amakhumudwitsa, koma alipo, ndipo mwana woonera adziwe kuti alipo.

Ngati mukufuna chitsanzo chenicheni choti muike pafupi ndi cha pa kanema, simukuyenera kupita kutali. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, ku Mpingu ndi kwa M'bwatalika, kumadzulo kwa mzinda uno pa msewu wa ku Mchinji, amene anachitiridwa nkhanza zogonana mu Okutobala 2019, sanadikire mpulumutsi wa m'filimu. Anafotokoza zimene zinawachitikira, anagwirizana ndi bungwe la maloya achizimayi, anapita ku khoti lalikulu ku Lilongwe, ndipo mu Ogasiti 2020 khotilo linalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Nkhani yawo inayenda pang'onopang'ono, ndi mapepala ambiri, popanda nyimbo yoimbira kumbuyo, ndipo wolemba sewero la misozi akanaiona ngati yosakoma. Komabe ikuonetsa chinthu chimene masewerowa amachibisa, chakuti munthu angathe kukhala wovulazidwa kwambiri nthawi yomweyo ali wolimba mtima, wolankhula, ndi wodziwa chimene akufuna.

Mbali yovuta kwambiri ndi ya mmene zithunzizi zimalowera mumtima mwa munthu amene zikumukhudza. Katswiri wina wa zofalitsa nkhani, George Gerbner, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Pennsylvania, anaonetsa kuti mphamvu ya kanema siili mu pulogalamu imodzi koma m'kubwerezabwereza, kotero kuti amene amaonera kwambiri amayamba kuona dziko monga mmene kanemayo amalionetsera. Ganizirani mwana wamasiye amene akukhala kwa azakhali ake ku Area 23, ndipo madzulo aliwonse amaona kuti mwana wamasiye ndi wolira, wodedwa, woyembekezera kuzunzidwa. Ganizirani munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Boma linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere mu 2004, ndipo lero anthu ambirimbiri amene akumwa mankhwalawa akugwira ntchito, akubereka ana opanda kachilombo, akukalamba. Koma chithunzi cha munthu wowonda, wotsokomola, wogona pamphasa monga chilango cha chiwerewere chinakhalitsa m'masewero a kusukulu ndi a kutchalitchi, ndipo ndicho chimayamba kubwera m'maganizo mwa amene wangolandira zotsatira. Chimodzimodzinso anthu achialubino: kuyambira cha m'ma 2014, pamene kuphedwa ndi kubedwa kwawo kunachuluka, nkhani zambiri zinkawaonetsa ngati anthu osakidwa basi. Kuulula zoopsazo kunali kofunika ndipo kunathandiza, koma mwana wachialubino amafunikanso kudziwa kuti mu 2021 Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Nkhotakota, ndiponso kuona pa kanema munthu wonga iye akugulitsa m'sitolo, akukangana za mpira, kapena akufunsira mbeta.

Pokambirana zimenezi ndi ana kapena achinyamata, musasandutse nthawi yoonera kukhala kalasi, chifukwa adzayamba kukaonera kwina. Dikirani kuti gawo lithe, mwina pa nthawi ya chakudya, ndipo funsani funso limodzi lokha, lopanda yankho lokonzeratu. Mungathe kunena kuti, "Iwe mwanawe, ukanakhala mnzake wa mtsikana uja, ukanamuuza kuti apite kwa yani?" Kapena mungafunse agogo kuti, "Agogo, kodi kumudzi kwathu mayi wamasiye akalandidwa katundu chonchi, eni mbumba ankangoonerera?" Funso lotere limabwezera nkhaniyo pabwalo pathu, pamene pali malume, pali mfumu, pali mpingo, pali chikamwini ndi chitengwa, zinthu zimene filimu ya ku Lagos kapena ya ku Mumbai sizidziwa. Makolo athu analinso ndi nthano za ana amasiye ozunzika, ndipo zina zinali zomvetsa chisoni kuposa mafilimuwa, koma wosimba anali munthu wodziwika, omvera ankayankha kuti tilitonse, ndipo mwana ankatha kudula nthano n'kufunsa. Wailesi ya MBC itayamba mu 1964, ndi kanema wa dziko lino mu 1999, wosimba uja analowa m'bokosi limene silimva mafunso. Kufunsa pa chakudya kuja ndiko kubwezeretsa mbali imeneyo. Ngati m'nyumbamo muli munthu amene nkhani ya m'sewero ikufanana ndi yake, musamuloze ndipo musamufunse pagulu. Muoneni payekha tsiku lina.

Muyezo womwewu mugwiritsenso ntchito poonera nkhani za tsiku ndi tsiku, pakuti atolankhani nawonso amabwereka luso la sewero la misozi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, zithunzi zimene zinafalikira kwambiri zinali za anthu olira pa matope ku Chilobwe, ndipo kulirako kunali koona. Koma anthu oyamba kufukula anzawo ndi makasu anali anansi awo omwewo, amene nawonso anali atataya zonse. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene othawa kwawo akhala kuyambira 1994, mlendo wobwera ndi kamera amafuna mzere wa olandira chakudya, pamene anthu a mumsasamo anayambitsa okha chikondwerero cha zaluso cha Tumaini mu 2014. Dziko limene limadziona nthawi zonse kudzera m'maso mwa omvera chisoni limayamba kulankhula za lokha ndi mawu omwewo, ndipo ndamvapo achinyamata ophunzira bwino akufotokoza mudzi wawo ngati akulemba kalata yopempha thandizo.

Tsiku lina wosimba nkhani mudzakhala inuyo, popeza foni ya m'manja yasandutsa aliyense kukhala wojambula. Mukapeza banja lovutika ndipo mukufuna kulipemphera thandizo pa Facebook kapena pa WhatsApp, funsani kaye eni ake, ndipo muwafotokozere kuti chithunzi chikangotuluka sichibwereranso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho alankhule okha zimene akufuna, zimene mwina zingakhale mpamba wa bizinesi pamene inu mumaganiza za thumba la ufa. Musawauze kuti avule zovala zabwino kapena kuti aoneke achisoni. Nkhope ya mwana wochitiridwa nkhanza, dzina lake, sukulu yake ndi dera lake zisaoneke konse, ndipo kumbukirani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana ameneyo adzakula, adzafunsira ntchito, adzafuna banja, ndipo sayenera kudzapeza kuti intaneti imamudziwa ndi tsiku loipitsitsa la moyo wake.

Kwa amene mumalemba masewero a kusukulu, a kumpingo kapena a m'magulu a achinyamata, pali njira ziwiri zoyesedwa kale. Miguel Sabido, amene ankakonza masewero a pa kanema ku Mexico m'zaka za m'ma 1970, ankaika pakati pa munthu wabwino ndi woipa mtengambali wachitatu, wokayikakayika, wolakwitsa, amene amasintha pang'onopang'ono, chifukwa anazindikira kuti woonera amadziona mwa ameneyo. Wozunzidwa wanu akhale wotero. Mupatseni ntchito imene amaidziwa bwino, mnzake amene amaseka naye, ndi cholakwa chimodzi chimene sichichotsa ufulu wake wothandizidwa. Njira yachiwiri ndi yathu yomwe, ya zisudzo zachitukuko zimene aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, kuphatikizapo Chris Kamlongera, ankapita nazo kumidzi m'zaka za m'ma 1980: sewero likafika pothina, ochita amaima n'kufunsa anthu oonerera kuti munthuyu achite chiyani, kenaka amasewera yankho limene laperekedwa kuti onse aone ngati lingagwire ntchito. Mukamakonzekera, yesani kusewera gawo lolira lija popanda ng'oma kapena kiyibodi, ndipo muwonjezere gawo la m'mawa wotsatira, pamene mayi uja wasamba, wamanga chitenje, watenga buku lake la kuchipatala ndi ndalama ya minibasi, ndipo akugogoda pakhomo pa mnzake kuti amuperekeze.